Chikhomo cha m'katondo

Lolemba, 9 Juni

Aneba akoka chingwe cha khoma lawo latsopano. Chadutsa pakati penipeni pa kanjira kathu ka m'mbali mwa nyumba, kokhako komwe njinga ya olumala ya Amayi imatulukira popita kuchipatala, poti khomo lakutsogolo kuli masitepe. Ndayeza ndi tepi. Khoma likaima pamenepo, njinga sidutsa. Mmisiri ayamba Loweruka, opima malo akuti atha kubwera mwezi wamawa.

Aneba: "Malire ndi pano, mwana wanga. Ndinalipo iwe uli kumsana." Ndawayankha kuti kukhalapo si muyeso. Ababa asanamwalire ankanena kawirikawiri kuti opima malo anakhoma chikhomo chachitsulo pakona ya malo athu. Chili pansi penapake. Ndichipeza.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndabwereka makina ofufuzira zitsulo pansi kwa mnzanga wa kuntchito. Ndodo, mbale kumapeto kwake, zomvera m'makutu. Kungoyatsa, phokoso. Paliponse pii pii, ngati pabwalo ponse anakwirirapo mapoto. Achimwene pazenera ndi kapu yawo ya tiyi: "Wapeza mgodi, mlongo? Usatiiwale amphawife."

Maenje ambirimbiri. Msomali umodzi ndi chitsekero cha botolo.

Lachitatu, 11 Juni

Lero sindinakumbe, ndawerenga. Makina ndi abwinobwino. Vuto ndi katondo wathuyu: kufiira kwakeko ndi chitsulo. Ndadutsitsa maginito a pafiriji m'dothi, atuluka ndi ndevu zakuda. Ndiye makina akunena zoona, kungoti akunena zonse nthawi imodzi.

Dzulo akamasokosa ndinkawonjezera mphamvu, kuti mwina amve bwino. Kumeneko ndiye kuwapengetsa. M'dothi lotere mphamvu umachepetsa, kenako umakweza ndi kutsitsa mbale pamalo opanda kanthu, uku ukupotoza kabatani, mpaka makina atazolowera dothilo n'kulisiya. Atakhala chete ndinayesa ndagontha.

Amayi akuti ndizisiye. "Anthu awa tikhala nawo mpaka imfa. Achimwene ako azindinyamula pamasitepe." Achimwene omwe msana umawagwira akangoona ndowa yodzaza. Ayi. Amayi sazinyamulidwa ngati katundu pakhomo pawo pomwe.

Lachinayi, 12 Juni

Chete wa makinawa wanyanya. Ndayenda mzere wonse wa mpanda wakale, palibe chalira. Ndinakayika, ndiye ndakwirira dala kachidutswa ka chitsulo cha pawindo n'kudutsitsapo mbale. Zii. Ndamuimbira mnzanga uja, waseka mpaka kutsokomola. Iye amafunafuna makobidi akale, ndiye anawatchera makinawa kuti azinyalanyaza chitsulo, misomali isamamutayitse nthawi. Ine ndikufuna chitsulo chomwecho. Ndazimitsa zimenezo.

Tsopano miyala yakuda yolemera ya m'dothi muno nayo yayamba kulira. Ndakhala pansi kuphunzira mawu ake, mwala uku, kachitsulo kanga uku. Mwala umalira motambalala, mowayawaya, ukauzungulira mbali ina kulirako kumathawa. Chitsulo chimalira mwachidule, pamalo amodzi, uchokere kulikonse.

Aneba andipenyerera ali pampando wawo. "Ukamaliza udzandifufuzireko makiyi anga, anasowa chaka chatha." Ndati ndiyamba kaye ndi malire awo.

Lachisanu, 13 Juni

Njerwa ndi mchenga wa aneba zafika. Mawondo atupa, zikhadabo zafiira. Kwatsala pakona pa mtengo wa mandimu.

Loweruka, 14 Juni

Chalira m'mawa uno. Mwachidule, pamalo amodzi, mbali zonse. Ndakumba ndi manja pomaliza, kuopa kuchigwedeza. Chikhomo. Chadzimbiri, mutu wophwanyika ndi nyundo, chozikika m'kasimenti kake, palibe anachikhudzapo.

Chili pansi penipeni pa chingwe cha aneba.

Ndayeza, ndayezanso. Tepi siisintha mawu chifukwa woyezayo wakhumudwa. Kanjira kaja theka lake si lathu, ndipo silinakhalepo lathu. Ababa ankadziwa kuti chikhomo chilipo, koma pamene chili ayi.

Achimwene anagwada pambali panga, akunong'ona. "Kwirira, palibe waona. Kapena tichizule tichisunthe pang'ono, mmisiri sanafike." Ndawauza kuti sindinakwawe m'katondo sabata yonse kuti ndikafukule bodza. Akuti ndilibe mtima. Mtima ndili nawo, koma suyeza malo. Ndaitana aneba ndekha.

Anayang'ana m'dzenjemo nthawi yaitali. Ndimadikira "ndinakuuza" wawo, sanabwere. Anangoti, "Nanga Amayi ako?" Ndati za Amayi si za malire, amange khoma lawo.

Ndalowa m'nyumba. Masitepe akutsogolo aja anamanga ndi Ababa, ndi manja awo, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa kuwongoka kwake. Ndawauza Amayi kuti ndikufuna kuwaswa, pakhale potsetsereka, njinga izitulukira khomo lakutsogolo ngati munthu wina aliyense. Anasisita bulangeti la pamawondo. Kenako: "Aswe. Bambo ako sankayenda panjinga."

Mmisiri wa aneba atafika ndamubwereka nyundo yaikulu. Anandiyang'ana manja, ndinamuyang'ana maso, anandipatsa. Sitepe yapamwamba yakana kanthawi, kenako yang'aluka. Achimwene akutuluka ndi fosholo, akudandaula za msana.

Ndapuma kuti ndilembe izi. Aneba alambalala chingwe chawo, akukankha wilibala yodzaza mchenga kubwera kuno. Sindinawapemphe. Ndangowalozera pothira.