Njere Zisanu za Kambuzi Wanu

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Ine kuno ndilipo, kungoti thupi latopa. Mawondo ayamba kudandaula pokwera masitepe, ndipo kuntchito yosamalira okalamba kuja anthu achepa, ntchito ya anayi tikugwira awiri. Chisanu chayandikiranso. Posachedwapa kuzida folo koloko isanakwane.

Tamanda, mdzukulu wanu, wachira bwinobwino mwezi wathawu, mwana wamkazi. Tamutcha Esinati, dzina lanu. Bambo wa mwanayo ndi mzungu wa ku Easterhouse, dera lina la mzinda uno, waulemu ndithu. Dzinalo amalitchula mopotoka, koma amayesetsa.

Koma chimene ndalembera ndi nkhani ya tsabola. Mukukumbukira kambuzi wanu wa kuseri kwa khitchini, uja munkati safuna munthu wamtima wapachala? Titakuikani m'manda ndinathyolako wouma, n'kumanga pakansalu. Ndakhala ndikubzala m'zitini pawindo kuno ku Maryhill. Amamera, amachita maluwa, koma dzuwa la kuno ndi laulesi. Chisanu chimamupeza akadali wobiriwira, n'kuyoyoka. Sindinakololepo njere yokhwima ngakhale imodzi.

Mayi wina wachikulire wa ku Pakistan, amene timagawana naye kadimba kuseri kwa nyumba, ali ndi tsabola wautali wopsa msanga. Ndiye anandiphunzitsa kukwatitsa mitundu iwiriyi. Umang'amba duwa lake lisanamasule, kuchotsa timitu ta mungu ndi singano, kupakapo mungu wa kambuzi ndi kathonje, n'kumangirira ulusi wofiira kuti usaliiwale. Ndi maso angawa, Amayi, ndi manja otopa pochokera kuntchito. Pa maluwa onse amene ndinapaka chaka chatha, awiri okha ndiwo anagwira. Njere zake ndabzala chaka chino. Nsabwe zitamugwira tsabolayo, ndinkamutsuka ndi madzi a sopo, tsamba ndi tsamba.

Wapsa sabata yatha. Wofiira, wonenepa, wobereka kwambiri. Ndinaika m'nyemba. Bambo a Tamanda atalawa anapukuta misozi, n'kuti, "Mayi a Tamanda, kuwawa akuwawa ndithu, koma kafungo kaja mulibe." Ndinawakwiyira tsiku lonse, chifukwa ankanena zoona.

Ndinaimbira achimwene Yohane kuti anditumizire mbewu ina yakumudzi. Anayamba ndi kuzungulira, za mvula, za mbuzi. Kenako anati, "Achemwali, pamalo paja tinamangapo chipinda cha ana. Zonse tinazula." Sindinawakalipire, ana ayenera kugona penapake. Nditadula foni ndinamasula kansalu kaja. Zatsala njere zisanu. Ndiye kuti kambuzi wanu yense watsala m'kabati yangayi, ndipo chaka ndi chaka zomera zikunka zichepa.

Zaka zonsezi ndimayesa ndikusunga mbewu yanu, pamene ndinali kuitha pang'onopang'ono, kuikakamiza dziko limene yakana. Inu munkati mbewu sasungira m'thumba, amasungira m'nthaka. Simunanene kuti nthaka iliyonse.

Wosakanizayu tizidya kuno. Mayi wa ku Pakistan uja wamukonda, watengako wodzaza mbale. Koma zisanuzi sindiziyesanso pawindo. Mu Disembala ndikubwera kudzamanga chiliza chanu, chimene ndachedwa nacho kale, mundikhululukire. Ndidzazifesa ndekha kuseri kwa chipinda chatsopanocho, ndidzatchinga ndi minga kuti nkhuku zisafukule, ndipo ndidzaonetsa alamu mmene inu munkathirira. Kuntchito andipatsa masabata atatu okha. Ngati zichedwa kumera, adzandidikira. Sindidzakwera ndege ndisanaone masamba awiri oyamba.

Pumani bwino, Amayi. Perekani moni kwa ababa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Flora