Kapu Yoyamba ya Amayi

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Phukusi munatumiza lija linafika, ndipo nsapato zandikwana ngati munachita kundiyeza phazi. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa makoma a m'nyumba muno mukuwadziwa, ndipo makutu a Amayi akadali akuthwa. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Mukukumbukira lamulo la m'kachipinda kathu ka mkaka. Mlimi akabweretsa zigubu m'mawa timasefa, kuwiritsa, kuthira koko, shuga ndi kamchere, kenako Amayi amatunga ndi kapu yawo yobiriwira yogumuka mlomo ija n'kulawa. Palibe botolo limene limadzazidwa iwo asanagwedeze mutu. Ine ndakulira pa mphika umenewo mpaka imvi zayamba kusuzumira, koma ntchito yanga ikadali kugwira mthiko ndi kudikira mutu wa Amayi. Inu munathawa bwino.

Chimfine chimene chinawagoneka nthawi yozizira chija sichinachoke chimanjamanja. Achemwali, Amayi sakumvanso kukoma, ngakhale fungo. Ndinayamba kukayika tsiku limene mkaka unapserera pansi pa mphika. Fungo linandipeza panja pamene ndimatsuka mabotolo, ndinabwera chothamanga, koma iwo anali chiimire pomwepo, akutakasa uku akung'ung'udza nyimbo yawo. Kenako shuga anayamba kutha msanga. Amalawa, kukwinya nkhope, kuwonjezera supuni, kulawanso, kuwonjezeranso. Akatero amayamba ayang'ana nkhope yanga asanagwedeze mutu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa.

Aphunzitsi a kuseri kwathu aja, amene amagulira ana awo Loweruka lililonse, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati tasintha wophika, chifukwa mkaka wathu wayamba kufanana ndi wa m'makatoni, shuga yekhayekha. Ndinaseka, koma mawuwo anandilasa. Kuyambira pamenepo ndakhala wakuba m'nyumba ya mayi anga. Ndimapatula mkaka wowiritsa n'kuubisa kumbuyo mu furiji, ndipo Amayi akagwedeza mutu n'kupita kukasamba, ine ndimathira mumphika ndi koko pang'ono kuti zibwerere mwakale. Anthu anasiya kudandaula. Amayi anayamba kunyadira kuti dzanja lawo silikalamba, ine n'kumavomereza.

Ndiye sabata yatha abwana a sitolo yaikulu yatsopano ya pafupi ndi pokwerera basi anatiitana. Anamva mbiri ya mkaka wathu ndipo amafuna kutipatsa malo mu furiji yawo. Ndinayesa kunyengerera Amayi kuti ndipite ndekha, ndikunamizira miyendo yawo ndi dzuwa, koma anandifunsa ngati ndinaonapo mwana akupita kukafunsiridwa mbeta mayi ake atatsala kunyumba akutsuka mbale. Anavala diresi lawo la maluwa ofiira, kumanga mpango watsopano, ine n'kusenza bokosi la mabotolo.

Anatilowetsa m'kaofesi ka kumbuyo, kopanikizana ndi makatoni a sopo, makina a furiji akulira kuseri kwa khoma. Munali abwanawo, bambo wansangala woseka ndi mimba yomwe, ndi mayi wina wachete amene amaona za katundu wolowa. Abwana sanabise mawu. Anati mkaka wathu ndi wokwera mtengo kuposa wa kufakitale ndipo sukhalitsa, choncho akufuna atsimikize kuti pali kusiyana kumene munthu angakumve pakamwa. Mayi uja anatenga botolo lathu ndi makatoni awiri a mafakitale osiyana, anatuluka, n'kubwera ndi timakapu titatu tapepala totsekera pamwamba, tokhala ndi timapaipi toyamwira, kuti maso asathandize lilime.

Ine ndimaganiza kuti alawa okha. Koma abwana anakankhira thireyi kwa Amayi uku akuseka.

"Mayi, mwana wanu mumamudziwa ngakhale mumdima. Tationetseni wanu ndi uti apa."

Ndinafuna kunena kuti ndilawe ndine, koma Amayi anali atatenga kale kapu yakumanzere. Anayamwa pang'ono, kuyendetsa m'kamwa monga amachitira, kumeza. Anatenga yapakati, kenako yakumanja. Atamaliza anandiyang'ana, koma pankhope yanga panalibe choti awerenge chifukwa ine ndinali ndisanalawe. Anabwereranso koyamba, kulawanso zonse. Makina aja amangolira, ndipo mayi wachete uja anayamba kuseweretsa cholembera.

Pomaliza anaika chala pa kapu yakumanzere n'kunena molimba mtima kuti wawo ndi umenewo. Sanalekere pomwepo. Anawafotokozera abwana za kulemera kwa mkaka wa ng'ombe yokamidwa m'mawa womwewo, za kamchere kamene kamadzutsa koko, za kakuwawa kamene kamatsalira kukhosi munthu akameza. Zonse ananena zinali zoona, koma amazinena kuchokera m'mutu. Mayi uja anasuzumira pansi pa kapuyo, pamene analemba chizindikiro, kenako anayang'ana kukhoma.

Abwana anakankhira thireyi kwa ine, kuseka kwawo kutachepa. Ndinayamba ndi yakumanzere yomweyo. Madzi a shuga, Achemwali, opyapyala, onunkhira ngati maswiti a ana, osiya nsalu yoterera pa lilime. Yakumanja inali yabwinoko, yosalala, koma yopanda mwini, mkaka woti ungamwe chaka chonse osaukumbuka. Nditayamwa yapakati ndinapezeka ndili m'kachipinda kathu. Kulemera kuja, kamchere kaja, ndi kakuwawa kofika mochedwa, zonse zimene Amayi anali atangonena zinali mmenemo. Munthu aliyense wa lilime lamoyo sakanasokoneza.

Ndinadziwa chimene ndagwira m'manja. Ndikaloza yapakati, malo mu furiji ndi athu, koma ndiye kuti ndawavula Amayi pamaso pa alendo, ndipo mawa tauni yonse idziwa kuti mayi wa mkaka wa chokoleti sakudziwanso mkaka wake. Amayi anali atakhala mowongoka, chikwama pamiyendo, osandiyang'ana.

"Amayi alondola," ndinatero. "Wathu ndi wakumanzere."

Abwana anatembenuza timakapu tija n'kutionetsa zizindikiro za pansi pake. Sanatinyoze, ndipo mwina kunyoza kukanakhala bwino. Anangoti pepani, ngati eni ake awiri sakutha kusiyanitsa, iwo sangauze ogula kuti alipire zambiri. Mayi uja anatithandiza kubwezera mabotolo m'bokosi, ndipo pakhomo anandigwira pamkono. Ameneyo anaona zonse.

Tinakwera basi kubwerera kunyumba. Titafika Amayi sanavule ngakhale diresi lija, anangolowa m'kachipinda n'kuyamba kukwecha mphika umene ndinali nditatsuka kale. Ine ndinaima pakhomo ngati mwana woswa mbale. Anandifunsa akukwechabe, osacheuka.

"Unali wapakati, eti?"

Ndinavomera.

"Ndinakuona. Wakumanzere unameza ngati mankhwala. Wapakati unatseka maso ngati uja unali wamng'ono. Ndiye unanamiranji?"

Ndinati sindikanatha kuwachititsa manyazi. Apa m'pamene anacheuka, ndipo sindinawaonepo atakwiya chotero. Anati mkaka umene ndimabisa kumbuyo mu furiji amauona tsiku lililonse, ndipo amapita kukasamba dala kuti andipatse mpata, chifukwa analibe mphamvu yondipempha. Anati anapita kusitolo kuja akudziwa kuti akhoza kugwa, koma mtima unali m'malo poti ine ndili pambali pawo.

"Lilime langa lafa lokha. Lako ndi lamoyo, ndiye iwe ukulipha dala? Tikhale akufa awiri m'nyumba muno?"

Ndinalira, sindikubisirani. Ndinakwiyanso, chifukwa ndinataya malo aja powateteza, ndiye malipiro ake n'kukhala kukalipiridwa. Amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma palibe amene anandiuza chochita mwendowo ukayamba kuchepa iwe ukuona. Kodi inu mukanaloza kapu iti? Ndikufunsa moona, chifukwa mpaka lero sindikudziwa ngati ndinalakwa.

M'mawa mwake mlimi anabwera monga mwa masiku onse. Tinasefa, kuwiritsa, iwo n'kuthira zothira zawo. Anatunga ndi kapu yobiriwira ija, kuifikitsa pafupi ndi mlomo, n'kuima. Kenako anaiika pa tebulo, osati m'manja mwanga, pa tebulo basi, n'kundilanda mthiko. Ndinalawa. Ndinanena kuti shuga wachuluka. Anapita okha ku furiji, kutenga mkaka wanga wobisa uja, n'kuthira mumphika pang'onopang'ono akuyang'ana nkhope yanga mpaka ndinagwedeza mutu. Umu ndi mmene tikugwirira ntchito tsopano, koma chitseko timatseka, ndipo wogula akafika iwo ndi amene amatuluka atagwira kapu.

Amayi akuti ndibwerere kwa abwana aja ndekha ndikapemphe kulawanso. Sindikudziwa ndikanena chiyani akandifunsa chimene chinachitika tsiku lija, chifukwa choona sindingachinene popanda kuwatchula Amayi, ndipo bodza lina sindikufuna. Ndazengereza kale sabata yathunthu.

Tsopano zopempha zanga. Amayi andilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Akuti inu mumawadziwa ngati mayi amene amanunkhiza mkaka wosasa chigubu chisanatsegulidwe, ndipo akufuna mwana mmodzi atsale akuwadziwa choncho. Ndaswa lumbirolo chifukwa mutu umodzi susenza denga. Kuchipatala akukana, akuti munthu sapita kwa dokotala chifukwa cha shuga wosamveka, koma inu amakumverani. Mukaimba foni muwauze kuti pa msinkhu wawo ndi bwino kukapimitsa thupi lonse, osatchula lilime. Akudya pang'ono kwambiri, akuti chilichonse chili ngati pepala lonyowa, ndipo diresi lofiira lija layamba kuwakhwepa. Chimene chikundiopsa kwambiri ndi chitofu cha gasi, chifukwa gasiyo atatuluka sangamve fungo lake, ndiye sindikuwasiyanso okha m'kachipinda. Mukamabwera pa tchuthi musanyamule zakudya. Muwagulire nsalu yowala kapena china choti aone ndi kugwira, ndipo patebulo musawafunse ngati zakoma.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti mabotolo awo awiri adzawapeza ozizira. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Aphunzitsi akupereka moni, mlimi nayenso amakufunsani.

Amayi akupereka moni wambiri. Adziwa kuti ndikulemba, ndipo andituma kuti ndisaiwale kuthokoza chifukwa cha masamba a tiyi munaika m'phukusi aja. Ndinawaona akutsegula paketiyo. Anaikamo mphuno nthawi yaitali, kenako anaitseka bwinobwino n'kuiika pamwamba pa kabati. Akuti ndikuuzeni kuti tiyi wonunkhira chotero sanamuonepo, ndipo mwana wawo wamkulu amadziwabe zimene mayi ake amakonda.

Mukayankha, muwauze kuti mwakondwa.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa Amayi