Ndinamulembetsa ndi Khadi la Malemu Mkulu Wake

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi diresi loyera la mwana wanga lili pamsomali apa, ndalivundikira ndi chitenje kuopa fumbi la Kanyama. Ndikaliyang'ana mtima umadumpha ndi chimwemwe, kwinaku ukundiluma. Mundipirire, nkhani yanga ndi yaitali, ndipo sindinaiuzepo munthu.

Ndine mayi wa zaka 33, Mkatolika wobadwira m'mpingo, wa mu Legio ya Maria. Sukulu ndinalekera Fomu 3 kwathu ku Katete. Amuna anga, Ba Kasoma, ndi a ku Kasama, amagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku mafakitale. Ukwati wathu unadalitsidwa m'tchalitchi. Mwana amene ndikunenayu tiziti Cathrine. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pa Misa ya m'mawa wa Khirisimasi alandira Ukaristia woyamba.

Musati ndikudzitama, Aphungu, koma mwana ameneyu Mulungu anandipatsa. Pa ana makumi asanu ndi limodzi a katekisimu, iye ndiye anakhala woyamba pa mayeso. Abambo mfumu anamufunsa masakramenti, anatchula onse asanu ndi awiri osapuma. Anamufunsa pemphero la kulapa, ananena m'Chinyanja, kenaka n'kubwereza m'Chibemba cha agogo ake, mpaka abambo anaseka n'kuvula magalasi. N'chifukwa chake amusankha kuti ndiye adzanyamule kachifaniziro ka Mwana Yesu kuchokera pakhomo la tchalitchi kukamugoneka m'khola. Masiku ano amayeserera m'nyumba ndi botolo la mafuta ophikira lopanda kanthu, atalikulunga m'thaulo, akuyenda pang'onopang'ono kuchokera ku khomo mpaka ku kabati. Atate ake anamuseka tsiku lina, amvekere, "Ugwire bwino, mayo, uyo Yesu ni wosowa kupambana mafuta ya saladi mu shopu." Iye osaseka n'komwe, anangoti, "Batata, mu tchalitchi sitikamba."

Diresi ndasoka ndekha, ndinaphwasula la ukwati wanga. Ba Kasoma auza fakitale yonse. Apongozi anga akubwera pa sitima kuchokera ku Kasama ndi chikanda ndi finkubala, mphalabungu za kwawo. Ngakhale ba tcheyamani a Chipani m'dera lathu, amene satchula za tchalitchi, anandiimitsa pa mpopi kuti adzabwera kudzaona "kamwana ka mu sekishoni yathu."

Tsopano imvani tchimo langa.

Cathrine ameneyu si Cathrine woyamba. Mwana wathu wachisamba anabadwa mu 1975 ndili kwathu ku Katete, anabatizidwa ku mishoni, n'kupatsidwa khadi lake. Anamwalira ndi chikuku asanakwane zaka ziwiri. Chakumapeto kwa 1977 ndinabereka mtsikana wina kuno ku Lusaka, ndipo apongozi anati kwao dzina silitayika, mwana wabwerera, akhale Cathrine yemweyo. Ine sindinakane.

Mukukumbukira madzi a mu Febuluwale 1978. Kuno ku Kanyama anafika m'maondo, zimbudzi zinasefukira, nyumba za zidina zikungogwa. Amuna anga anali kumaliro a atate awo ku Kasama. Mwana, wa miyezi inayi, anayamba kutsegula m'mimba. Tsiku lachitatu masana liwombo linalowa, maso anatembenuka, kulira kunatha. Galimoto sizinkalowa m'komboni. Ndinali naye pabedi limene tinaliika pa njerwa, ndikungolira. Anansi anga, Ba Mainess, mayi wa mpingo wa Dachi, anabwera akuvuuka m'madzi, atakwinya chitenje. Atamuona mwana anandigwedeza phewa: "Bana Cathrine, osalila chabe! Si imwe Baroma mumakamba ati aliyense angabatize mwana ngati afuna kufa? Chitani manje manje, ine nizamugwira mutu."

Madzi oyera munalibe m'nyumba. Ndinatunga ndi kapu ya tiyi m'beseni limene tinatchera podontha denga, ndinamuthira pamphumi katatu, n'kunena monga anatiphunzitsira masisitere: "Cathrine, ine ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera." Pambuyo pake tinamusenza pamutu m'beseni lomwelo mpaka kumsewu waukulu, n'kukafika ku chipatala. Anachira, Aphungu. Ndi yemweyu akuyenda ndi botolo m'nyumba mwangamu.

Ba Kasoma atabwerako ndi amayi awo, apongozi anafunsa za ubatizo. Ine ndinati, "Anabatizidwa ali kudwala." Iwo anayesa ndi wansembe wa ku chipatala, ndipo sindinawakonze. Ndinaopa kuti adzati mkazi wa kum'mawa wadziyesa wansembe. Ndinaopanso kuti madzi a denga, a mwaye ndi dzimbiri, sawerengedwa. Ndinkati ndidzapita kwa abambo mfumu mwezi wamawa. Mwezi wamawawo unakhala zaka.

Zaka ziwiri zapitazo inafika nthawi yolembetsa ana ku katekisimu. Aphunzitsi athu, Ba Whyson, ndi munthu wabwino koma wa lamulo. Mayi amene anali patsogolo panga pa mzere analibe khadi la mwana wake, ndipo ndinamva ndi makutu anga akumuuza kuti, "Amai, kulibe khadi, kulibe kilasi. Si vanga, ni lamulo. Uyu azayamba na bosabatizika." Ndinabwerera kunyumba, n'kutsegula sutikesi imene ndimasungamo zipewa ndi timasokosi ta malemu. Khadi linali momwemo. Dzina lomwelo, atate omwewo, amayi omwewo. Ndinalitenga. Ba Whyson analiwerenga, anayang'ana mwana, n'kuti, "Wa 1975 uyu? Kathupi monga kanyelele. Mumamupatsa vakudya?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, iwo n'kulemba dzina m'buku.

Kuyambira tsiku limenelo sindinalandirenso Ukaristia. Nthawi ya kulandira ndimatuluka ndi mwana wathu wotsiriza, wobadwa pambuyo pa Cathrine, ngati akulira. Kokalapa ndimafika pakhomo n'kubwerera. A mu Legio amayesa ndi chifukwa cha mwana wa kumsana.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Lamlungu lapitali Cathrine amayeserera kulapa kwake koyamba, ine ndikupinda mpendero wa diresi. Anatchula timachimo take, kuti ananyambita shuga, kuti anatukwana mnzake pa mpopi. Kenaka anati, "Amama, Ba Whyson akuti ukabisa tchimo limodzi dala, kulapa konse kwafa." Ndinati ndi zoona. Iye n'kupitiriza: "Pa Khirisimasi musakatuluke na mwana. Tizamupatsa ambuya ba ku Kasama. Nifuna muime kumbuyo kwanga pa laini, mulandire pambuyo pa ine." Singano inandilasa, ndinanamizira imeneyo kuti ndiyo yanditulutsa misozi.

Aphungu, kwatsala milungu itatu. Ndikaulula, mwina amuchotsa pa mndandanda, Mwana Yesu n'kupatsidwa wina, mwana wanga n'kukakhala pa benchi la osabatizika chifukwa cha bodza la mayi wake, pamaso pa apongozi ndi komboni yonse. Ndikakhala chete, alandira Ambuye ndi dzina la wakufa, mwinanso asanabatizidwe n'komwe. Kodi ubatizo wa kapu ya tiyi uja ndi ubatizo? Kodi ndidikire Khirisimasi ipite, ndiulule mu Januwale? Ndithandizeni.

S. K.,
Kanyama, Lusaka.

Mayi S. K.,

Yambani mwapukuta misozi, chifukwa pa zinthu ziwiri zimene mwandiuza, chimodzi si tchimo ayi. Mwazimanga mtolo umodzi kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake mukulemedwa. Tiyeni timasule.

Za kapu ya tiyi. Ine si wansembe, choncho ndinapita ndi funso lanu, popanda dzina, kwa wansembe wina wachikulire amene ndimamukhulupirira. Anandifunsa zitatu: kodi anali madzi, kodi mayiyo ananena mawu onse uku akuthira, kodi ankafuna kubatiza monga ubatizira Mpingo? Malinga ndi kalata yanu, zonse ndi inde. Iye anati madzi a mvula ndi madzi, ngakhale adutse pa lata la dzimbiri, ndipo mwana akakhala pa imfa mayi ake angathe kumubatiza. Ndiye mverani: tsiku lija, madzi ali m'maondo, amuna anu kulibe, inu munachita chimene masisitere anakuphunzitsani, ndipo munachichita bwino. Amayi ambiri akanangolira. Chimene munalakwa ndi kusakanena ku parishi mwana atachira, kuti alembedwe m'buku ndi kumalizidwa miyambo yotsala. Chimenecho chimakonzeka.

Khadi ndiye nkhani ina. Pamenepo munanama, ndipo mukudziwa, n'chifukwa chake mwakhala panja zaka ziwiri mukugwedeza mwana wosalira. Musaganize kuti bodzali lidzatha pa Khirisimasi. Khadi lidzafunikanso pa Ulimbitso, lidzafunikanso pa ukwati. Tsiku lina adzalembera ku mishoni ya kwanu kufunsa za Cathrine wa 1975, ndipo kumeneko kuli anthu amene anakumba nawo manda ake. Mukufuna mwana wanu adzazimve ali ndi diresi loyera lina m'manja?

Choncho za Januwale iwalani. Kudikira kwa "mwezi wamawa" ndi kumene kwakufikitsani pano.

Uzani Ba Kasoma lero, muli awiri, apongozi asanatsike sitima. Mwina akwiya kuti munawabisira, ndipo asiyeni akwiye, ndi atate a atsikana onse awiri, malemu ndi wamoyoyu. Koma muwafotokozere zonse, mpaka beseni limene munasenzera mwana kumsewu. Sindikhulupirira kuti mwamuna amene wauza fakitale yonse za mwana wake angakwiyire nthawi yaitali mkazi amene anamupulumutsira mwanayo.

Kenaka funani Ba Mainess. Ngati anasamuka, funsani ku msika, ku mpingo wawo, kulikonse. Iwo ndiwo mboni yanu, anagwira mutu wa mwana ndipo anamva mawu. Kukhala kwawo a Dachi sikuwaletsa kunena zimene anaona. Mupite atatu kwa abambo mfumu mkati mwa mlungu uno, ku ofesi, osati pakhomo la tchalitchi Misa itatha. Mutenge khadi la ku sikelo la Cathrine wamng'ono losonyeza tsiku lake lenileni lobadwa. Musayambire kwa Ba Whyson. Iwo ntchito yawo ndi kusunga lamulo, mphamvu yomasula mfundo ngati iyi ili ndi abambo mfumu, ndipo ndiwo adzadziwa mowauzira aphunzitsiwo.

Sindikulonjezani kuti zonse zidzayenda monga mukufunira, chifukwa wogamula ndi wansembe wanu, si ine. Koma wansembe amene ndinamufunsa anati nthawi zambiri amalemba mwana m'buku n'kumaliza miyambo, ndipo pakakhala chikayiko amamubatiza mwakachetechete ndi mawu akuti "ngati sunabatizidwe." Zimenezi sizifuna zaka ziwiri za kilasi. Zimafuna kuti wansembe adziwe nthawi ikadalipo. Milungu itatu ndi yokwanira, masiku atatu ayi. Ndipo mwana amene anawavula magalasi ndi pemphero la kulapa, sindikuona akufulumira kumulanda Mwana Yesu chifukwa cha cholakwa chimene si chake.

Mukatuluka mu ofesimo, musapite kunyumba musanalape. Mwana wanu wakuphunzitsani kale kalapidwe kake.

Chenjezo langa ndi ili. Musakhudze khadilo ndi cholembera, musayese kusintha chaka, mudzangowonjeza bodza pa bodza. Ndiponso musamusenzetse Cathrine mtolo umenewu asanalandire. Ngati abambo mfumu amuitana, muuzeni zochepa ndi zoona: kuti anabatizidwa ndi amayi ake tsiku la madzi, ndipo tsopano akukalembedwa m'buku. Zina zonse adzamva akakula, kuchokera pakamwa panu.

Apongozi anu anati dzina labwerera, ndipo ndi mwambo wawo wabwino. Koma inu munabereka a Cathrine awiri, Mayi S. K., ndipo aliyense anabatizidwa payekha. Khadi lija lili ndi mwini wake. Libwezeni m'sutikesi, pamodzi ndi timasokosi take. Wamoyoyu apatsidwe lake, lolembedwa Kanyama, 1978, ndipo pa mzere wofunsa amene anabatiza padzakhala dzina lanu. Pa Khirisimasi mwana wa kumsana mupatse agogo ake, inu mukaime pamene mwauzidwa kuima.

Aphungu.