Maginito Andipulumutsa pa Ntchito

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu ndi ana. Kodi bondo lija likukuvutitsabe? Ine kuno ndilipo. Mtima wangokhala pansi dzana, chifukwa ntchito inatsala pang'ono kundithera.

Ukudziwa kuti ndimasesa ndi kutsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi pa sukulu pano. Mwezi watha ahedi anandiuza kuti manja anga ayamba kunjenjemera, ndipo ndikangowononganso kanthu kamodzi ndizikapumula kwathu. Ananena akuseka, koma ine ndinamva.

Ndiye Lachiwiri, ndikupukuta shelefu, chigongono chinagunda mabotolo awiri. Limodzi linali la ufa wachikasu wotchedwa sulufule, linalo la chitsulo chopera ngati mchenga. Sanasweke, koma zivindikiro zinachoka, zonse mbwee pansi pomwe ndinali nditangokolopa kumene. Zinali zoti ana akagwiritse ntchito pa mayeso Lachisanu. Ndinazisesera m'chitini chimodzi n'kubisa kuseri kwa zidebe. Ndinayesa kusefa, zosatheka. Ndinayesa kutola ndi nsonga ya singano, maso anakana. 

Lachinayi ndinaganiza zoika chitinicho pa moto wa gasi kuti ufawo uume, mwina ungasefeke. Machesi ali m'manja, analowa aphunzitsi a sayansi, mayi wamfupi woyenda mothamanga amene ana amamutchula kuti Kamphepo. Anandifunsa ngati agogo ndayamba kuphika m'chipinda chawo, nanga ndiwo zake zili kuti. Ndinaulula zonse. Iwo anaseka mpaka kugwira tebulo.

Kenaka anatenga maginito, kuwakulunga m'pepala, n'kumawayendetsa pamwamba pa ufawo. Mng'ono wanga, chitsulo chija chinadumpha chokha n'kumatirira papepala ngati ndevu! Anabwereza kangapo, ufa wachikasu uja n'kutsala wokha.

Anandifotokozera kuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Chitsulo chili ndi ake, sulufule alinso ndi ake. Ine ndinangozisakaniza basi, chilichonse chinali chikadali momwe chinalili, n'chifukwa chake zinalekanitsika. Koma moto ukanazigwira, maatomuwo akanagwirana n'kusanduka chinthu china chatsopano, chibuluma chakuda choti ngakhale ubwere ndi maginito khumi sungatulutsemo chitsulo. Akuti chimene chikanandichotsa ntchito ndi machesi aja, osati chigongono. Kwa ahedi sanakanene kanthu, ndipo dzulo ana alemba mayeso awo ndi mabotolo omwewo.

Koma potuluka anati zimenezi amaphunzitsa ana a chaka choyamba ku sekondale. Mawu amenewo akundilasabe. Iwe kumeneko unafika. Ine bambo ananditulutsa Sitandade 5 kuti ndizikaumba njerwa, iwe upitirize, ati mutu wanga ndi wouma. Zaka zonsezi sunandifotokozerepo ngakhale tsamba limodzi la zomwe unkaphunzira. Ndakalamba ndikutsuka mabotolo osadziwa zomwe zimakhalamo. Sindikuyambitsa mkangano ayi, ndikungonena.

Pempho langa ndi limodzi. Buku lako la sayansi la chikuto chobiriwira lija lili m'sutikesi ya malemu bambo, pansi pa majekete. Ndinaliona nthawi ya maliro a mayi. Unditumizire, umupatse dalaivala wa basi uja amabwera kuno. Kamphepo akuti azindiwerengetsa Lachitatu lililonse ana akaweruka.

Undiperekere moni kwa mlamu, kwa azakhali, kwa mlongo wathu ndi amuna ake, ndi kwa adzukulu onse. Bukulo usaiwale, ngakhale litadyedwa ndi njenjete. Ndikufuna ndidzionere ndekha ngati mutuwu unalidi wouma.

Ndatha ine,
Mkulu wako