Mphaka wa Mazira ndi Mutu wa Aphunzitsi

Lolemba, 9 Juni

Makasitomala ochepa. Lolemba anthu amasunga tsitsi ngati chuma.

Nkhani ya lero: musitolo ya zamagetsi ya tsidya la msewu afikitsa kagemu kam'manja kaja, komwe takhala tikungokaonera pafoni chaka chonse. Kutalika kwake chikhatho ndi theka, sikirini pakati, mabatani uku ndi uku. Kamodzi akaika pakauntala kuti anthu azilawa, koma akamangirira ndi waya ngati mbuzi yokonda minda ya eni. M'buku muno ndizingolemba kuti ka-G, inki ndi yodula.

Ndinatseka shopu yanga yometera, n'kulemba pachitseko kuti "Ndikubwera." Kusitoloko, mu ka-G muli demo imodzi yokha, kachidutswa ka gemu kongokulawitsa. Mphaka wonenepa wasenza thireyi ya mazira pamutu, akudumpha madenga. Ukaswa mazira onse, amakhala pansi n'kukuyang'ana ngati apongozi. Akuti ukafika pakhomo la nyumba yaikulu, sikirini imada n'kukuuza kuti ugule gemu yonse. Ine sindinafikeko. Mazira anathera padenga lachiwiri.

Ndinafunsa mtengo. Mayi wasitolo anatchula. Ndinaseka poganiza kuti tikuseka tonse. Iwo sanaseke. Lendi ya shopu yanga ya miyezi iwiri, gemu osawerengera.

Lachiwiri, 10 Juni

Msonkhano waukulu pabenchi la odikira. Opezekapo: ine, mlamu (mlongo wake wa madamu, uja anabwera chaka chatha kudzakhala nafe sabata ziwiri), ndi Aphunzitsi, mnzanga wakalekale wophunzitsa masamu, amene amadutsa pano tsiku lililonse akaweruka, tsitsi likhalepo lisakhalepo.

Mlamu akuti wogula panopa ndi chitsiru. Akuti kukubwera ka mtundu watsopano, ndiye aka katsika mtengo ngati tomato wamadzulo. Wawerenga pa intaneti. Mlamu amawerenga zonse pa intaneti kupatula malo a ntchito.

Aphunzitsi akuti vuto si ka-G, vuto ndi magemu. Pali ka memori yochepa kotchipirako, pali ka memori yambiri kodula, koma tonseto popanda gemu ndi timagalasi chabe, ndipo gemu imodzi ndi mtengo wa nsapato zabwino. "Akukugulitsani khola kuti nkhuku muzikagula kwa iwo omwe," anatero, ndi nkhope ya munthu wopanda nazo ntchito. Patapita kanthawi anandifunsa motsitsa mawu kuti mphakayo amadumpha ndi batani liti.

Makina ometera aluma anthu awiri lero. Kachipeso kake kakutsogolo kakugwedera, ndakamanga ndi labala. Ndalama za makina atsopano zilipo, zili musokosi m'kabati. Ndikungotchula.

Lachitatu, 11 Juni

Mayi wasitolo akhazikitsa lamulo: munthu kulawa kamodzi patsiku. Anatifunsa ngati tabwera kudzagula kapena kudzawapukutira mabatani ndi zala.

Mlamu analawa m'mawa. Masana anabwereranso atavala chipewa changa ndi magalasi akuda a madamu, mawu atawanenepetsa, akuti iye ndi mkulu wake wa mnyamata wam'mawa uja, wangofika kumene kuchokera kutali. Mayiwo anamulola. Atamaliza anamuuza kuti akapereke moni kwa mng'ono wakeyo, ndipo kuti banja lawo lonse likuoneka kuti limagwera padenga lachitatu.

Ine NDAFIKA pakhomo, ndi mazira awiri! Mphaka anagogoda, chitseko chinayamba kutseguka, sikirini bii. Ndinaima pamenepo ngati munthu amene wamulanda mbale supuni ili m'kamwa.

Madzulo mkangano wa batire. Mlamu akuti limakhala tsiku lonse, Aphunzitsi akuti maola ochepa chabe ukakweza kuwala. Bambo wina amene ndimamumeta ndevu anafunsa ngati kachipangizoko kamaimba foni. Tinati ayi. Kamatumiza ndalama? Ayi. Tochi? Tinayang'anana. Anatuluka akupukusa mutu, akuti dziko latha.

Lachinayi, 12 Juni

Tapanga kampani. Tigula ka-G kamodzi anthu atatu. Ine ndi Aphunzitsi tisonkha ndalama, mlamu akuti asonkha nzeru ndi kukasunga masana, poti iye yekha ndi amene ali ndi nthawi yokasamalira.

Kugawana masiku ndiye nkhondo. Aphunzitsi akufuna Loweruka ndi Lamulungu, akuti mkati mwa sabata amachonga mabuku. Ine ndikufuna Lolemba. Mlamu akufuna otsala onse komanso chaja. Kenaka Aphunzitsi anati mlamu asamakagwire akangodya, zala zake zimakhala zamafuta. Mlamu anakwiya, akuti sanakadetsepo ngakhale kamodzi. N'zoona. Sitinagule.

Ndalama zanga zosonkha zichokera kuti? Sokosi landiyang'ana, ine ndayang'ana kumbali.

Lachisanu, 13 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Aphunzitsi ali ndi intavyu Lolemba, akufuna udindo wa mphunzitsi wamkulu pasukulu pawo. Audikira zaka, ndipo suti anaitengera kale kochapitsa. Anakhala pampando nati ndingochepetsa pang'ono m'mbali, kuti aoneke munthu woti angamusungitse makiyi. Tsitsi lawo lija amalinyadira, lakuda, lodzaza, amalipesa ndi chipeso chawochawo.

Ndili mkati, mlamu analowa akuthamanga. Akuti aikamo demo ina, ya mpikisano wa magalimoto, ndipo wamva kuti mawa mtengo ukwera, tigule lero. Ndinamukumbutsa kuti Lachiwiri ankati utsika. Akuti intaneti yasintha maganizo. Kenaka anati gemu yoyamba ya kampani ikhale ya magalimotoyo, za mphaka n'za ana.

Apa ndiye anaponda pamchira. Aphunzitsi anati mphaka ndi gemu ya nzeru, yofuna kuwerengera mtunda ndi kulemera kwa mazira. Ine ndinati nanga kuseri kwa chitseko chija tikadziwa liti? Mlamu anati kuseriko kuli mphaka wina basi. Ndinatembenuka kuti ndimuyankhe bwino, Aphunzitsi nawo anatembenuka kuti amuyankhe bwino, labala linati phwa, kachipeso kanagwa pansi, ndipo makina anayenda okha.

Msewu. Kuchokera pakhutu mpaka pakati pa mutu. Woyera, wowongoka, wopanda maenje.

Ndinazimitsa makina. Tonse atatu tinayang'ana pagalasi. Mlamu ananena mwaulemu kuti mwina tilambule wina mbali inayo kuti zifanane. Ndinamutulutsa.

Panalibe kuchitira mwina, mpala basi. Ndinameta, tsitsi likugwa pansalu ngati maliro. Ndiye chimene chinatuluka pansipo! Mutu wosongoka pamwamba, kumbuyo makwinya ngati khosi la ng'ombe, makutu atangoima okha ngati zogwirira za poto. Ndawameta zaka zonsezi osadziwa kuti ndimasamalira chinsinsi.

Anadziyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, mutu uwu ndinaubisa kuyambira ndili kupulayimale," anatero pang'onopang'ono. Ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Anachotsa nsalu okha, n'kuipinda bwinobwino. Kenaka anaika ndalama yometera pashelefu. Aphunzitsi salipira tsiku lomwelo, amalipira mwezi ukatha, tikukangana. Ndalama imeneyo yandipweteka kuposa mbama.

Ali pakhomo anati kampani yatha.

Loweruka, 14 Juni

Madamu ndinawauza m'mawa. Anaseka mpaka anakhala pansi m'khitchini, atagwira mwendo wa tebulo. Anandifunsa za makutu, ndinafotokoza, anayambiranso. Atamaliza anapukuta misozi, analowa kuchipinda, n'kubwera ndi sokosi lija. Ine ndinkaganiza kuti salidziwa. Anati: "Bambo a mwana, pitani kusitolo. Mukabwera ndi chinthu cha mabatani ambiri, mukagone nacho kushopu."

Mtengo wa ka-G wakweradi. Mlamu akuyenda chifuwa patsogolo kuti ananena. Munthu amene wanena kuti utsika, n'kunenanso kuti ukwera, angalakwe bwanji?

Musitolomo makina ometera ali shelefu ya kumanzere, ka-G kali kumanja. Ndinaima pakati ngati bulu. Mayi wasitolo, amene nkhani ya msewu anali ataimva kale (msewu wonse waimva), anati ka memori yochepa angandipatse ndizilipira pang'onopang'ono. Satana amavala epuloni masiku ano. Ndinatseka maso n'kuloza kumanzere.

Makina atsopano ndi abwino, saluma n'komwe. Demo sindinaigwire. Chabwino, kamodzi. Ya magalimotoyo ndi yopusa.

Masana ndinapita kwa Aphunzitsi ndi chipewa chatsopano chopepesera. Akazi awo anati kulibe, achokapo. Pawindo, kuseri kwa katani, panali chinthu chosongoka chikunyezimira. Ndinapereka chipewa n'kunena kuti akabwera awapatse moni. Chinthucho chinatsika pang'onopang'ono mpaka chinabisala.

Lamulungu, 15 Juni

Mlamu wawaona Aphunzitsi pamsika atavala chipewa. Osati chopepesera chija.

Lolemba, 16 Juni

Lero ndiye intavyu. Tsiku lonse maso pakhomo. Ndinasesa kawiri pamalo posesa kale.

Nthawi yawo yoweruka inakwana, benchi lili lokha. Mlamu anayamba kufotokoza kuti kunja anthu amagula ka-G kogwiritsidwa kale ntchito pa theka la mtengo, bola batani limodzi likhale lakufa. Ndinamuuza kuti akatchulanso mtengo wa chinthu chilichonse m'shopu muno, ndimumeta nsidze ali m'tulo. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa nayenso.

Akalephera udindo umenewu chifukwa cha mphaka wa pasikirini, ndidzawayang'ana bwanji? Munthu anandibwereka benchi limenelo pamene ndinkatsegula shopu, ndipo sanalifunsenso.

Lachiwiri, 17 Juni

Kasitomala wina, mwana wake amaphunzira pasukulu ya Aphunzitsi, akuti ana awapatsa dzina. Dzira. Ndinati n'zomvetsa chisoni kwambiri, kenaka ndinapita kuseri kwa shopu kukatsokomola.

Sanabwere.

Lachinayi, 19 Juni

Abwera.

Ndinali ndikumeta bambo wina wachilendo, woyendetsa lole, mutu ndili pakati. Aphunzitsi analowa opanda chipewa, mutu uli pambalambanda, wodzola mafuta, suti yakuda. Sanandipatse moni. Anakhala pabenchi pafupi ndi mlamu nati: "Muwauze alamu anuwo kuti udindo ndapatsidwa."

Mlamu anatembenuka n'kundiuza, ngakhale ndinali pomwepo. Ndinati awauze kuti ndakondwa kwambiri. Anawauza.

Nkhani yonse inadutsa mwa mlamu chonchi. Akuti ofunsa mafunso atangowaona anakhala tsonga. Wapampando ananena kuti sukuluyo yakhala ikusowa munthu wooneka wokhwima chotere, munthu woti ukangomuona umadziwa kuti alibe nthawi ya masewera. Aphunzitsi anafotokoza izi osamwetulira, kenaka anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa ka-G. Ka memori yambiri. Katsopano, kopanda waya. Agula okha, pamtengo wokwera uja, ndi gemu yonse ya mphaka.

Mlamu anatambasula dzanja, Aphunzitsi analimenya. Akuti kampani inatha Lachisanu, ichi n'cha munthu mmodzi. Anakweza voliyumu mpaka kumapeto, n'kutembenuka kuti sikirini itipatse msana. Abwera kudzatilanga, munthu wamkulu, hedimasitala. Anangoiwala kuti kumbuyo kwa benchi kuli galasi, ndipo galasilo limayang'anana ndi lakutsogolo. Ine ndi mlamu tinkaona zonse.

Ndipo zimene tinaona n'zachisoni. Aphunzitsi satha kusewera. Masamu onse aja, kuwerengera mtunda konse kuja, mphaka akungogwa padenga loyamba. Phwa, mazira. Kuyambiranso. Phwa. Thukuta linayamba kutsetsereka pamakwinya aja. Mlamu ankadziluma chala. Ine ndinkayesetsa kuyang'ana mutu wa woyendetsa lole, koma diso limodzi linkathawira pagalasi, ndipo ndinapezeka ndanong'ona kuti "dumphani tsopano." Mphaka anagwa.

Aphunzitsi anapuma mwamphamvu. Anayang'ana kudenga. Kenaka, osadutsa mwa mlamu, osandiyang'ana, anatambasula dzanja ndi ka-G kulozetsa kwa ine.

"Achimwene, tandidumphitsireni apa pokha. Mukangowoloka mubweze."

Ndinayang'ana ka-G, ndinayang'ana makina ali m'dzanja langa akulira pang'onopang'ono pamwamba pa khutu la munthu. Ndinati adikire ndimalize kaye kasitomala.

Woyendetsa lole nthawi yonseyi anali akuyang'ana mutu wa Aphunzitsi pagalasi. Anafunsa mlamu ngati ameneyunso anametedwa pampando womwewu. Mlamu anavomera ndi mutu. Bamboyo anatulutsa dzanja pansi pa nsalu, anagwira mkono wanga bwinobwino n'kuusuntha kutali ndi khutu lake, ndipo anazimitsa makina yekha.

"Bambo, kadumphitseni mphakayo kaye," anatero. "Ine sindikufulumira."

Ndinapukuta manja pathaulo. Aphunzitsi anasendera pabenchi.