Thambo Limene Bambo Sanalionepo

Lolemba, 16 Juni 2025

Tabwerako kuchipatala. Diso lamanzere la bambo latha. Lamanja likuonabe chapakati pokha, ngati munthu wosuzumira pabowo la chitseko. Opaleshoni Lolemba likudzali ku Lilongwe. Dokotala sanalonjeze kanthu. Mwina liona, mwina ayi.

 Tikutsika minibasi ndi pamene bambo analankhula: "Zaka makumi anayi ndikuitanira anthu swala ya Magharibi. Dzuwa likangomira ine ndili kale mumzikiti, nkhope kukhoma, maikolofoni pakamwa. Anthu amati thambo limapsa bwino nthawi imeneyo. Sindinalionepo."

Mayi osachedwa: "Limapsa ndi manyazi, a Omari, likamva mawu anuwo. Ngati tonde wogwidwa mwendo." Nyimbo yawo ndi imeneyo chibadwire ine.

Ndinaseka nawo, koma mtima unandiwawa. Ine Hasina, wojambula maukwati Salima yense, bambo anga osalionapo thambo la kuseri kwa nyumba yawo? Ndiwajambulira. Masiku ndili nawo asanu ndi limodzi.

Lachiwiri, 17 Juni

Elliot, mnzanga wa ku koleji, wanditumizira pa basi kalimoti ka waya. Akuti intavalomita. Dzina kutalika kuposa chinthucho. Ntchito yake kudina kamera masekondi asanu aliwonse, osatopa. Zithunzi 720 pa ola. Ukazilumikiza, ola lonse limatha m'theka la mphindi.

Malangizo ake: "Ukaime kugombe, dzuwa likulowa m'madzi." Anthu a ku Lilongwe! Kuno dzuwa limatuluka m'nyanja, limakalowera kumtunda. Ndaimika kamera pachulu, nyanja kumsana. M'chithunzi muli mpanda wathu, njira ya kumzikiti, mzikiti chakumanja, thambo lonse pamwamba.

Ndinaisiya kamera idzisankhire yokha kuwala. Nzeru zake: kunja kukada, iyo n'kuwalitsa. Magharibi ngati masana a Okutobala. Kanemayo kuphethiranso ngati babu yotha. Mayi ataona: "Munthu wamkulu iwe, ola lonse pachulu, kujambula mphezi?"

Lachinayi, 19 Juni

Dzulo sindinalembe, mkwiyo. Zonse zinkayenda bwino mpaka mbuzi ya aneba inabwera kudzakanda msana pamwendo wa kamera. Kuyambira chithunzi 400 mzikiti wapendekeka. Lero ndakolekera thumba la mchenga, chifukwa cha mbuzi ndi mwera womwe.

Kamera ndailanda ufumu. Zonse pamanja: shata, chikope cha kamera, 1/500, ISO yokweza kuwala 100, kabowo ka lenzi pa 8. Dzuwa lili pamwamba, zokongola zedi. Litamira ndinatsika kukaswali. Pobwera, kamera, mwana womvera uja, yajambula mdima zithunzi mazana atatu, mokhulupirika.

Elliot kuseka pa foni mpaka kutsokomola. Akuti suchokapo. Pakati pa kudina ndi kudina, uzitembenuza kagudumu kamodzi kokha, diso pa kamzere koyeza kuwala. Uyambe ndi shata, uziichedwetsa mpaka masekondi awiri, kenako ISO. Kabowo usakakhudze. Kamera usaigwedeze.

Vuto ndi loti nthawi yotembenuzayo ndi nthawi ya swala. Ndinawafunsa bambo, osawauza chifukwa chenicheni, ngati kuti m'nyumba muno muli chinsinsi. Iwo: "Magharibi imatha kufiira kukatha kumwamba. Iwe ukufuna kufiira komweko. Utsike kusanazime, usandichititse manyazi. Mwana wa muazini."

Lachisanu, 20 Juni

Manja anga ndi a paukwati, achangu. Ndaona kukuda, mantha, ndatembenuza katatu nthawi imodzi. Kanema akulumpha: kuda, kuwala, kuda, ngati wina akusewera ndi switchi. Pansi ponse bii, mpanda osaoneka.

Mmawa bambo anathira tiyi pambali pa kapu. Mayi anangoisuntha kapuyo mwakachetechete mpaka pansi pa mlomo wa ketulo, pakamwa akuti, "Mphasa nayo imwe, a Omari, yagona ndi njala." Bambo anaseka. Ine ndinatuluka panja.

Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa. Nanga Lolemba diso likazima lonse, ine ndili ndi mzikiti wopendekeka ndi mdima mazana atatu?

Loweruka, 21 Juni

Ukwati wa ku Chipoka ndaupereka kwa wina. Pachulu 4:45. Batire ziwiri. Mbuzi ndaiopseza ndi chibuma, tamvana.

Kamodzi, kamodzi, ngati kuthira mchere m'ndiwo za alendo. 1/500, 1/400, 1/320. Dzuwa linamira cha m'ma 5:20. Maikolofoni kho kho, bambo kuyamba azana. Sindinadzutse mutu, diso pa kamzere. Apa ndi pamene kuwala kumathawa, kagudumu kamodzi zithunzi zisanu zilizonse. Shata theka la sekondi, sekondi, ziwiri. ISO 200, 400. Ndinalolera kuwalitsako pang'ono kuti pansi pasade ngati dzulo. Udzudzu kudya akakolo, ine osaukanda.

Ndinatsika kufiira kudakalipo, ndikuthamanga, mpango m'khosi. Swala ndaipeza. Sindinayang'ane zithunzi. Mtima sukufuna kudziwa lero.

Lamulungu, 22 Juni

Zatheka! Mmawa wonse pa laputopu. Masekondi makumi atatu osalala ngati mafuta. Chikasu, kenako ngati papaya wakupsa, kenako kufiira kuyambira kumapiri mpaka pamwamba pa mzikiti.

Titadya masana ndinatseka makatani. Bambo mphuno pafupi kukhudza galasi la laputopu, mutu chammbali kuti diso lamanja ligwire. Anaonera katatu. Ndemanga yonse: "Alhamdulillah. Ndiye ndi chimenechi." Ine ndimayembekeza misozi, masiku asanu a udzudzu.

Kachinayi, chala pagalasi, pansi penipeni: "Imitsa. Uyu ndani?"

Ine sindinamuone, maso anga anali kumwamba sabata yonse. Shata ikachedwa, woyenda aliyense amasanduka utsi. Anthu opita kumzikiti, njinga, ana, onse utsi. Amaoneka ndi okhawo oima chilili. Pampanda wathu munthu mmodzi, bwinobwino, chipande m'manja, mutu wopendekera kumzikiti. Ndinawerenga: zithunzi 36, mphindi zitatu, azana yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikangotha, palibe.

Ndinatsegula za Lachisanu, n'kuziwalitsa. Malo omwewo. Za Lachiwiri, malo omwewo. Ngakhale m'zithunzi za mzikiti wopendekeka uja, alipo, opendekeka nawo.

Mayi, kuchokera pakhomo: "Ndimadikira mbuzi zilowe." Mbuzi tinagulitsa chaka chatha.

Bambo sanatembenuke. "A Zuleka, chiyambire liti?" Mayi: "Musandifunse ngati apolisi." N'kupita kukhitchini, mapoto phokoso ngati akumenyana.

Bambo anati thambolo aliona, lakwana. Ndibwezere pa mayi pomwepo, ndikulitse. Anakhala nthawi yaitali, mphuno pagalasi. Kenako motsitsa: "Mawa diso likakana, likane. Ndaona."

Madzulo. Zikwama tamanga, basi ya 5 koloko mmawa. Pachulu sindinapite, kalimoti kali m'bokosi kubwerera kwa Elliot. Ndinaima pawindo.

Azana ya lero yatalika. Bambo kukoka mawu ngati mnyamata wofuna kuonedwa. Mayi pampanda, chipande m'manja. Anandiona ndikuwayang'ana. "Ukuonanji? Tonde wakoyu akundipsereretsa ndiwo."

Ndiwo zinapsereradi, fungo mpaka kuchipinda kuno. Iwo sanasunthe.