Katoni ya a Chubu

Lachiwiri

10:14 Foromani: mlamu, report ija mwaiona? bwana akuti mbali ya matayala pa garage pano ikuluza 200k pa mwezi. akuti titseke, kalata yochotsa ntchito a Chubu ndilembe ineyo pofika lachisanu

10:15 Foromani: mdala amene anandiphunzitsa kugwira sipanala. mtima ukundiwawa

10:41 Mlamu: u-manager umakoma pa salary pokha eti kkk. ndaiona. matayala amalowetsa 900k. zotuluka werengani nokha

10:50 Foromani: zigamba, guluu ndi magetsi 250. salary ya a Chubu 350. lendi 500. total 1,100. inu ndinu accountant, ine manambala amandizunguza mutu

10:52 Mlamu: 500 ya lendiyo yachokera kuti?

10:58 Foromani: anagawa potengera kukula kwa malo. a Chubu ali ndi bwalo lonse lakutsogolo

10:59 Mlamu: mukatseka, landlord adzakuchotserani 500yo?

11:00 Foromani: ameneyo?? denga likudontha chaka chachiwiri, sanachotsepo olo 1

11:01 Mlamu: ndiye ganizani bwino. ndalowa mu meeting

13:20 Foromani: 🎤 voice (0:19) "Mlamu! Ndawerengera pa katoni yomwe ndatola pabwalopa. Tikatseka titaya 900, tipulumutsa 600 yokha, lendi ikhalapobe. Ndiye kuti mdalayu akutisenzera 300 mwezi uliwonse! Kapena ndaphonya?"

13:26 Mlamu: mwalasa. achemwali anga sanakwatiwe ndi mbuli kkk. funso n'lomwelo nthawi zonse: tikatseka, chichoke n'chiyani, chitsale n'chiyani

13:27 Foromani: bwana mukawauze ndinu pls

13:28 Mlamu: ayi, manager ndinu. fees yanga: mundikonzere ma brake a galimoto yanga

Lachinayi

08:05 Foromani: ndawalembera bwana dzulo. ma tick a blue, koma zii

12:30 Foromani: mlamu?

12:31 Foromani: a Chubu andifunsa ngati tinayambana, akuti sindikuwayang'ana kumaso

14:48 Mlamu: sorry ntchito. bwana wanuyo msg amangoidutsa. pitani ku office mutanyamula katoni yanuyo

Lachisanu

09:40 Foromani: 📷 chithunzi

09:41 Foromani: katoni pa desk pa bwana, ndi oil wake yemwe. awerenga kawiri, aimbira accountant wao. kalata SINDILEMBA. akuti mbali ya car wash ndiwerengerenso chimodzimodzi

09:43 Mlamu: eeeh a finance director! 🙌 a Chubu mwawauza?

09:52 Foromani: sakudziwa n'komwe kuti panali nkhani. angondikalipira kuti ndinaba katoni yomwe amagwadira pomasula matayala. ndikukawabwezera